Za mathanki aja: imodzi tapaka penti, ina taisiya

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'zotheka kupakanso penti mathanki athu awiri a mpweya wosambirira pansi pa nyanja, ina ya aluminiyamu, ina yachitsulo. Zikomo nonse amene munayankha.

Ya aluminiyamu ndi imene inandidetsa nkhawa kwambiri. Ena anati tigwiritse ntchito penti wa ufa uja amachita kuwotcha mu uvuni kuti agwire. Katswiri woyeza mathanki anakanitsitsa. Aluminiyamu akatenthedwa kufika madigiri 175 amafooka, ndipo thanki yotero ikhoza kuphulika pothira mpweya, n'kuvulaza wothirayo. Kuchotsera penti wakale ndi soda wa kositiki nakonso ayi, sodayo amadya aluminiyamu. Tinangochotsa penti wakale ndi mankhwala oyenera n'kuisiya yosapaka. Ine ndakonda choncho, chifukwa ikayamba kudyeka zimaonekera msanga.

Yachitsulo inali ndi dzimbiri kunsi, mkati mwa nsapato yake ya pulasitiki momwe madzi amatsalira. Tinapala ndi burashi ya waya, katswiri anayeza kuzama kwa timaenje tomwe dzimbiri linasiya, kenako tinapaka penti wa zinki wouma yekha ndi mphepo.

Chonde, manambala odindidwa paphewa pa thanki musawakwirire ndi penti. Wothira mpweya akalephera kuwerenga deti yomwe thanki inayezedwa komaliza, akubwezani.