Makina oumitsira zovala akuzungulira koma sakutentha

Akuluakulu odziwa za magetsi, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi makina oumitsira zovala amene ndinagula ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo kuyambira Lolemba akuzungulira bwinobwino koma akutulutsa mpweya wozizira, moti matawulo amene ndinaikamo kwa ola lathunthu anatuluka akadali achinyezi. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, choncho sindingadalire kuyanika panja.

Ndachotsa ulusi umene unadzaza pa sefa, womwe ndikuvomereza kuti ndinausiya kwa nthawi yaitali, ndipo ndayeretsanso paipi yotulutsira mpweya. Nditazula pulagi pakhoma, ndinatsegula chivindikiro chakumbuyo n'kuyeza element (chipangizo chotenthetsa mpweya) ndi multimeter (chida choyezera magetsi), ndipo inasonyeza ma ohm 27, zomwe zikugwirizana ndi element ya ma watt 2,000 pa magetsi a ma volt 230, choncho element ikuoneka kuti ili bwino.

Pambali pa element pali tizipangizo tiwiri tozungulira ngati mabatani. Kodi ndingadziwe bwanji kuti thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha) ndi kati ndipo thermal fuse (kachipangizo kamene kamapsa n'kudula magetsi makina akatentha kwambiri) ndi kati? Komanso fuse ikakhala kuti yapsa, kodi n'kokwanira kungoisintha, kapena thermostat nayonso iyenera kusinthidwa kuti fuse yatsopanoyo isapsenso?