Nyumba taikonda, koma kafungo ka kuchipinda kakundisowetsa mtendere

Mayi wa atatu:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ine ndi bambo akunyumba tasunga ndalama zaka 9 kuti tichoke pa lendi. Loweruka tinakaona nyumba ya zipinda zitatu, yopaka penti kumene, matailosi owala, bwalo loti ana n'kusewerapo. Bambo mtima wawo watsala komweko. Koma ine nditalowa kuchipinda chakumapeto ndinamva kafungo ngati ka zovala zosauma bwino. Ndinapisa dzanja kuseri kwa wadiropu, khoma m'munsimu linali zii kuzizira, penti itatukumuka. Ejenti akuti n'chifukwa choti nyumbayo yakhala yotseka miyezi iwiri, ndipo tifulumire poti aliponso ena akuifuna. Inu amene munagulapo, ndi chiyani munachipeputsa chomwe chinadzakupwetekani? Nanga n'chiyani chinakubwezani pa nyumba yomwe munaikonda?

Mmisiri wopuma:
Mayi, mphuno yanuyo ikhulupirireni. Ndagwira ntchito yomanga moyo wanga wonse, ndipo chomwe chimadya nyumba ndi madzi. Nyumba yongotsekedwa imanunkha fumbi, mukatsegula mawindo fungo limatha. Yanuyo ikumwa madzi kuchokera pansi. Chinyontho chotere chimakwera khoma mpaka pafupifupi mita imodzi, n'kusiya timchere toyera ndi pulasitala wofumbutuka. Kawirikawiri pomanga sanayale pulasitiki yakuda ija timati DPC, kapena dothi lakunja linakwera n'kuipitirira. Penti imabisa nyengo imodzi basi.

Bwereraniko mvula ikugwa, kapena itangokata. Imani panja muone komwe madzi a padenga akulowera. Ngati malo atsetserekera kunyumba ndipo palibe ngalande, madzi onse akuthera m'maziko. Kenako yang'anani ming'alu. Timing'alu tonga tsitsi ta pa pulasitala musaope. Woopsa ndi uja woyambira pakona ya windo kapena chitseko n'kumatsika ngati masitepe potsata mizere ya njerwa, makamaka ukaposa mamilimita 5. Zitseko zikamakana kutseka, mwina maziko akusuntha. Kwerani musiling'i ndi tochi, mubaye matabwa ndi sikuludiraiva. Ikalowa ngati m'chinkhupule, chiswe chinamaliza kale ntchito yake.

Dzimbiri pamalata, mipopi yodontha, makabati othyoka, zonsezo zimakonzeka, muzingotsitsira mtengo. Koma nyumba yokhala m'chidikha, yomwe maziko ake akutitimira, ine ndingakuuzeni ngati mwana wanga kuti isiyeni.

Bambo a Junior:
Zomwe anena madalawa n'zoona. Ine chinandipweteka ndi masamu. Ndinkangoona mtengo wa nyumba, osawerengera loya, msonkho wosinthira umwini, woyeza mtengo wa nyumba amene banki imafuna, inshulansi ndi galimoto yosamutsa katundu. Tinalowa tilibe ndi ya makatani yomwe. Mwezi wachitatu septic tank, dzenje lolandira zonyansa za kuchimbudzi, inadzadza, ndipo wamagetsi atatsegula bokosi anapeza mawaya akale olumikiza ndi tepi, nyumba yonse inafunika kuyalanso mawaya.

Ngati mukutenga ngongole, khalani pansi ndi cholembera. Ngongole ya zaka 20 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti, mumabweza ndalama yoposa kawiri yomwe munatenga, ndipo chiwongoladzanja chikakwera zomwe mumapereka pamwezi zimakweranso. Musathire zonse pogula. Siyani ina yokonzera zimene simunazione.

Nachisale:
Achemwali, ine ndinakana nyumba ziwiri. Yoyamba inali ya masiye. Wogulitsa anali mwana mmodzi, pamene chikalata cha umwini chinali m'dzina la malemu bambo ake, abale ake ena osadziwa n'komwe. Loya wanga atafufuza ku kaundula wa malo anandiuza kuti ndisaperekeko ngakhale yachikole. Fufuzaninso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki, ndipo mabikoni osonyeza malire a malowo muwaone ndi maso anu, chifukwa mpanda si malire.

Yachiwiri ndinaiona Lachiwiri m'mawa, kuli phee. Nditabwerera Lachisanu usiku, mawindo ankachita kunjenjemera ndi nyimbo za pabala yakuseri. Mwana wanga anali wakhanda nthawi imeneyo, sindinaganizenso kawiri. Zoti aliponso ena akuifuna, anandiuzanso ine pa nyumba zonse ziwiri.

Mayi wa atatu:
Zikomo nonse. Dzulo kunagwa mvula ndipo ndinawakoka bambo kuti tipite. Madzi anali atadikha kuseri kwa chipinda chomwe chija, kufika m'kakolo, ndipo oyandikana nawo atiuza kuti chaka chilichonse zimatero. Bambo anangoti kakasi. Tamuuza ejenti kuti sitipereka kalikonse mpaka injiniya wathu, osati wawo, adzaone maziko. Madala, funso lina: ngati atapeza kuti maziko ali bwino, kukumba ngalande ndi kutsitsa dothi lozungulira khoma kungaumitse chipindacho, kapena pulasitala yense wam'munsi ayenera kugumulidwa?