Womenya mapenate amayezedwa bwanji? Zigoli zokha n'zokwanira?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa timu ya anyamata kuno ku Malindi, ku Mangochi, ndipo talowa bonanza yoti mukalepherana mumapita ku mapenate. Komiti ikufuna kuti woyamba kumenya akhale wakutsogolo wathu poti ndiye ali ndi zigoli zambiri. Ine mtima uli pa mnyamata wina wapakati. Sachinya kawirikawiri, koma penate yake imayenda pansi n'kukalowa m'mbali mwa mtengo, pomwe goloboyi safika ngakhale atalota mbali yake. Inu amene mumatsata mpira wa akatswiri, kumeneko amayang'ana manambala ati? Sindikufuna kuoneka wokondera, makolo a anawa timakumana nawo kunyanja m'mawa uliwonse.

Wa ku Namwera: Akochi, zigoli zambiri ndi nkhani ina, penate ndi nkhani inanso. Funsani kuti wamenya angati ndipo alowa angati. M'maligi akuluakulu mapenate pafupifupi atatu mwa anayi alionse amalowa. Katswiri wodutsa pamenepo kwa zaka zingapo ndiye amadaliridwa.

Mayi wokonda Flames: Onjezani apo, bambo. Amene wamenya awiri n'kulowetsa onse ali ndi 100 peresenti, amene wamenya 30 n'kulowetsa 25 ali ndi 83. Kodi mungatenge woyambayo? Ine ayi. Mapenate ochepa sanena zambiri za munthu. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsanso ntchito xG, muyeso wa mpata woti shoti ilowe potengera pomwe yamenyedwera. Penate amaiika pafupifupi 0.76, kutanthauza kuti mwa mapenate 100 amalowa pafupifupi 76. Chigoli chija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon, ali kutali kwambiri ndi golo, mpata wake unali wochepetsetsa. Pa pepala zonse ndi chigoli chimodzi, koma kulemera kwake n'kosiyana. Ndiye poyeza wakutsogolo amachotsa kaye zigoli za mapenate, n'kuona zotsalazo pa mphindi 90 zilizonse zomwe wasewera.

Wa ku Monkey Bay: Manambala ndimawalemekeza, koma mtima ulinso ndi gawo lake achimwene. Harry Kane pa World Cup ya 2022 anamenya awiri pokumana ndi France. Woyamba unalowa, wachiwiri chakumapeto unadutsa pamwamba, England n'kutuluka 2-1. Munthu yemweyo, goloboyi yemweyo, mamita 11 omwewo. Lembaninso nthawi yomwe penateyo yamenyedwa komanso ngati timu inali kumbuyo.

Mwini funso: Zikomo nonse, apa ndiye ndatolapo. Koma ife tilibe kanema kapena kompyuta. Ndiyambire pati?

Mayi wokonda Flames: Kope ndi cholembera basi. Pakutha pa tireningi iliyonse, atatopa kale, aliyense amenye asanu anzake akumukuwiza. Lembani mbali, pansi kapena m'mwamba, walowa, wagwidwa kapena wapita kunja. Wopita kunja muuwerengere padera, chifukwa wogwidwa mwina goloboyi ndiye wachita bwino. Kopelo mukalionetse komiti.

Wa ku Namwera: Musaiwalenso lamulo akochi: mapenate otsiriza amamenya okhawo amene anali m'bwalo pomwe wezulo yomaliza imalira. Wapakati wanuyo musadzamutulutse masewero asanathe.