Akuchikazi akunditcha "wa pa Facebook", nditani?

Abale anzanga, ndigawireniko nzeru. Ine ndimalemba za ulimi pa Facebook: mitengo ya soya ndi mtedza ku Mchinji ndi ku Kasungu, komanso momwe mavenda ena amaberera alimi pa sikelo. Kangachepe ndimapeza ndithu, ogulitsa mbewu amandilipira ndikawatsatsira malonda.

Zavuta pa nkhani ya banja. Amalume atapita kukafunsira mbeta, akuchikazi anafunsa za ntchito yanga. Atamva, mkulu wina anangoti, "Ndi aja a pa Facebook?" Nkhani inazilala pomwepo. Kwa iwo aliyense wolemba pa intaneti ndi wamiseche, wotukwana andale, woti tsiku lina apolisi adzamunjata ndi lamulo lija la 2016 la za pa intaneti. Chonsecho sanawerengepo n'kamodzi komwe zimene ndimalemba, pomwe ena mwa iwo ndi alimi a soya!

Kodi ndiwapatse amalume zolemba zangazo akawaonetse, kapena zioneka ngati mwano? Kapena ndizingoti ndimachita bizinesi ya zaulimi, Facebook osaitchula? Bwenzi langalo likuti ndidekhe, koma tinkafuna chinkhoswe chichitike mvula isanayambe. Amene munakumanapo nazo zoterezi, munazithetsa bwanji?