Batire likutha usiku pa Corolla yakale: ndigule alternator?

WaKapata: Akuluakulu, ndithandizeni. Corolla yanga ya 1998 ikagona usiku, m'mawa sitata imangoti tcha tcha osazungulira. Tikaikankha imalira, ndipo masana onse imalira yokha ndi kiyi. Batire si lakale. Makanika wina kuno ku Chipata akuti ndigule alternator (makina otchaja batire injini ikamalira) ina. Ndigule, kapena pali choyamba kuyeza?

Wamawaya_Katete: Ndalama zisatuluke kaye, achimwene. Bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi, muyeze pa mitu iwiri ya batire. Injini itazima kwa maola angapo, batire lodzaza limaonetsa 12.6V, pa 12.2V ndiye kuti latsala theka. Lizani injini, muone pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Yatsani magetsi ndi fani. Zikatsika pansi pa 13V, alternator ikulephera kutchaja.

Koma poti masana imalira, ine ndikukayikira kuti pali chimene chikuba moto usiku. Chotsani kiyi, tsekani zitseko zonse, masulani waya wa negative, muike mita pa 10A pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Isapitirire 0.05A. Mukaona 0.3A kapena kuposa, zulani mafyuzi imodzi imodzi mpaka nambala igwe. Fyuzi imeneyo ndiyo ikulozereni wakuba. Kawirikawiri ndi wailesi imene waya wake wofiira anauphatikiza ndi wachikasu pa moto wosazima, alamu yoika pambuyo, kapena kagetsi ka m'buti. Osaliza injini mita ili pamenepo, mupsereza fyuzi yake.

Mdala_wa_Denso: Mafyuzi onse akazulidwa koma moto ukutulukabe, bwererani ku alternator yomweyo. Diode (kachipangizo kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha) imodzi ikapsa, alternator imatchajabe masana, usiku n'kumabweza moto wa batire. Chotsani negative, masulani waya wonenepa wa B kumbuyo kwa alternator, muukulunge ndi tepi, muyezenso. Nambala ikagwa, vuto ndi rectifier, chipangizo chimene chili ndi ma diode amenewo.

Pa za mtengo: ma alternator a kampani ya Denso, amene amapezeka mu ma Toyota, amakonzeka. Mukatsegula chivundikiro chakumbuyo, mabulashi, regulator (choletsa moto kupitirira muyezo) ndi rectifier zimachoka chilichonse pachokha, ndipo mabulashi ndiwo otchipa kwambiri. Chakufa chikakhala chimodzi, konzetsani. Koma ngati bearing ikulira, mphete zamkuwa zadyeka mizere, rectifier nayo yapsa, werengerani zonse pamodzi ndi ya mmisiri. Zikadutsa theka la mtengo wa ina ya salaula yochokera ku Japan, gulani imeneyo. Pulagi ndi ma amp zifanane ndi yakale, ndipo aiyeze inu muli pomwepo. Zija zozula teminala injini ikulira kuti "tione ngati ikutchaja" muzikane, zimaotcha regulator ngakhale kompyuta ya injini.

MayiWaSpeya: Musanafike konseko, bambo, onani mateminala. Ufa woyera uja tsukani ndi soda wosungunula m'madzi, mumange zolimba. Waya wa earth wochoka ku injini kupita ku bodi umachita dzimbiri nthawi ya mvula. Wina akuliza sitata, yezani pakati pa negative ndi chitsulo cha injini: isadutse 0.3V. Batire lenilenilo lisatsike pansi pa 9.6V pamene sitata ikuzungulira. Batire likamatheratu kawirikawiri silichedwa kufa, choncho pamene mukufufuza muzimasula negative madzulo alionse. Sipanala ya 10 ikwanira.