Kodi Puyol anali ndi chani kwenikweni pa Barcelona?

Blaugrana_Wamng'ono:
Akuluakulu ndithandizeni. Ine mpira wa ku Spain ndinayamba kuutsatira mochedwa cha m'ma 2013, nde Puyol ndinamupeza atatha kale, nthawi zambiri ali pa benchi kapena wavulala. Koma mukamacheza za ma difenda aliyense amangoti Puyol Puyol, ena mpaka kumuika pamwamba pa Piqué ndi Ramos. Ndaonako mavidiyo pa YouTube, ndikuona munthu watsitsi lambiri wongodziponya kutsogolo kwa mpira, luso ngati la Piqué sindikuliona. Ulemu wonsewu ukuchokera pati, ndi zikho zokha kapena pali china? Komanso ndi zoona kuti sanasewereko timu ina?

Madala_a_CampNou:
Ndi zoona mphwanga, pa mpira wa akuluakulu timu yake inali imodzi basi, magemu 593 onse Barcelona. Anafika ku La Masia, sukulu ya mpira ya achinyamata ya Barcelona, mu 1995 ali ndi zaka 17 kuchokera ku katauni kakang'ono kotchedwa La Pobla de Segur, ndipo ali mwana anali goloboyi, anasiya chifukwa cha vuto la phewa n'kukhala sitiraika, kumbuyo anachita kubwererako pang'onopang'ono. Mu 1998 timu inavomera kumugulitsa ku Málaga iye anakana, ataona kuti mnzake Xavi wapatsidwa mwayi mu timu yaikulu anati nanenso ndidikira. Kochi Van Gaal ndi amene anamulowetsa koyamba pa 2 Okutobala 1999 ku Valladolid, nthawi imeneyo akusewera kumanja osati pakati.

Koma chomwe achinyamata simuchidziwa ndi ichi, Barcelona yomwe Puyol anakuliramo siinali ya Messi mukuidziwayi ayi. Kuyambira pomwe analowa mpaka 2004 timu sinatenge chikho ngakhale chimodzi, makochi akungosinthana, ndalama kulibe, Figo wathawira ku Madrid, ife masapota mutu uli pansi sabata ndi sabata. Zaka zimenezo munthu yemwe unkamuona kuti zikumupweteka ngati mmene zimatipwetekera ife anali Puyol. Figo atabwera koyamba pa Camp Nou atavala yoyera mu Okutobala 2000, mnyamata wa zaka 22 ndi amene anapatsidwa kuti amulondere, anamumatirira gemu yonse osamupatsa mpata, tinawina 2-0. Ndipo pita ukafufuze ya Lokomotiv Moscow mu 2002, goloboyi wadutsidwa, golo ili pululu, yatsala ndi iye yekha, anatchinga mpira ndi chifuwa. Ineyo ndinamukonda kuyambira tsiku limenelo. Chikho chake choyamba chinabwera mu 2005 ali ndi zaka 27, ali kale kaputeni Luis Enrique atasiya mpira.

HalaMadrid_14:
Ine ndine wa Madrid ndipo ndinena mosabisa, pa luso Ramos amamuposa, zigoli, kupasa, kudumpha, zonse. Komanso tisaiwale kuti kutsogolo kwa Puyol kunali Xavi, Iniesta ndi Busquets omwe ankausunga mpira gemu yonse, difenda wa timu yotere ntchito imamuchepera. Nde ma ligi 6 ndi ma Champions League 3 aja musawaike onse pamutu pake.

Chomwe sindingakane ndi khalidwe lake. Pa Bernabéu mu 2013 wina anaponya laita m'bwalo, Piqué waitola akufuna akaonetse refa, Puyol anangomulanda n'kuitaya kunja kuti tiye tizisewera. Ndipo ya 6-2 ija mu Meyi 2009 imandiwawabe mpaka lero, filikiki ya Xavi iye n'kuumenya ndi mutu, kenako kuvula kansalu ka ukaputeni n'kukapsompsona pamaso pathu. Zinandipweteka koma sindinamude.

Mayi_Culé:
Achimwene a Madrid mfundo yanu ya Xavi ndi Iniesta ndaimva koma ikugwa pa fainolo ya Champions League ya 2009 ku Rome. Dani Alves ndi Abidal onse anali oletsidwa chifukwa cha makadi, Márquez wovulala, Guardiola anachita kubweza Yaya Touré kuti aime pakati ndi Piqué, Puyol n'kubwerera kumanja komwe anali atachokako kalekale, ndipo mbali imeneyo kumabwera Rooney, kenako Cristiano Ronaldo. Manchester United sinagoletse, 2-0, ndipo iye amakwera mpaka kutsogolo kutsala pang'ono kumwetsa. Nanga 2006 ku Paris ndi Arsenal ya Henry, Busquets analipo? Xavi amene sanasewere n'komwe gemu imeneyo.

Kwa ine chachikulu ndi Wembley 2011. Sizoni imeneyo bondo linamuvuta kwambiri moti fainolo anayambira pa benchi, analowa kutatsala mphindi ziwiri zokha. Nthawi yonyamula chikho itakwana anatenga kansalu kaja n'kumuveka Abidal, yemwe mu Malichi chaka chomwecho anamuchita opaleshoni yochotsa chotupa pachiwindi, n'kumuuza kuti anyamule ndi iye. Tangoganizani, munthu wadikira zaka zonse zija popanda kanthu, mwayi wonyamula Champions League kachitatu ngati kaputeni uli m'manja, iye n'kuupereka kwa mnzake. Ndinalira tsiku limenelo ndipo sindichita nazo manyazi.

Blaugrana_Wamng'ono:
Zikomo kwambiri, ya Lokomotiv ndaipeza, eeh munthu uja sankaopa. Nanga anasiyiranji msanga pomwe kontrakiti inali ikadalipo? Sakanapita ku timu ina yaing'ono kukamalizira ngati mmene amachitira ena?

Madala_a_CampNou:
Thupi linakana mphwanga. Mawondo anachitidwa maopaleshoni kangapo, mu 2012 pa gemu ya Benfica anagwa moipa chigongono n'kuguluka, akachira apa kwina kwayamba. Kaseweredwe kake kanali kodalira liwiro ndi mphamvu, pajatu sanali wamtali, 1.78 basi, nde mawondo akatha palibe pobisala. Mu Malichi 2014 anaitana atolankhani yekha n'kunena kuti sakuthanso kufika pa mlingo womwe timu ikufuna, kumapeto kwa sizoni achoka, zaka ziwiri za kontrakiti anazisiya pomwepo. Anakhalako pang'ono mu ofesi ngati wothandizira Zubizarreta, yemwe anali mkulu woyang'anira za mpira ku Barcelona, koma mu Januwale 2015 anatula pansi. Ukafuna kumumvetsa usamaonere tizidutswa ta pa YouTube tokha, peza gemu yathunthu ya sizoni ya 2005/06 akusewera ndi Márquez, uzingoyang'ana iye yekha mpira ukakhala kutali, mmene amakuwira anzake ndi kuwakokera pamalo ngakhale timu ikutsogola ndi zigoli zinayi.