Madamu akuti hurry koma don't rush

Mai a Tadala: Abale thandizeni msanga. Madamu asiya kapepala pafiriji: "Please hurry with the ironing but don't rush it." Ndiye ndifulumire kapena ndisafulumire? Abwera 4 koloko, malaya a abwana alipo 12.

Nambewe: Asisi, yambani ndi oyera simbi isanadetsedwe. Ine ndinawotchapo siketi ku Randburg, anandidula R200.

Mai a Tadala: Kusita ndimadziwa, ndikufunsa chizungucho.

Che Jafali: Chizungu cha kuno musachikhulupirire. Bwana wanga woyamba anati "I'll pay you just now." Ine kukhala pageti kudikira mpaka mdima. Ndalama ndinaziona Lachisanu! Kuno ku Joni just now ndi nthawi ina iliyonse. Akati now now, pamenepo ndiye yandikirani.

Bambo a Yami: Bodza Che Jafali, now now nayenso amachedwa. Ine zaka 14 kuno, mundiuza chiyani?

Che Jafali: Zaka 14 zili m'munda wa maluwa, mumayankhula ndi kapinga.

Aphunzitsi: Mai a Tadala, mverani. Hurry ndi kuchita changu, osaima ndi foni. Rush pamenepo ndi kupupuluma, zija kolala yasitidwa koma mikono ili makwinya. Akuti chitani changu koma osachita mwaphuma. Palinso hasten, koma ameneyo mungomupeza m'mabuku.

Nambewe: Akuti akayamba kukulembera timapepala ndiye kuti apeza wina. Zinamuchitikira mtsikana wa kwathu.

Anaphiri ku Leeds: Kuno mzungu akati "no rush", akumwetulira chonchi, dziwani kuti akuchifuna lero lomwe 😂

Bambo a Yami: Inu atsopano vuto lanu ndi lomweli. Mungoti yes madam, yes madam, musanamve. Funsani ali pomwepo!

Che Jafali: Bola Azulu, amangoti shesha basi, wamva.

Nambewe: Mayi anga akamati "changu pamalo" tikupita kudimba m'mawa, mame ali thoo... Kwathu pano mango ayamba kupsa. Ambuye.

Anaphiri ku Leeds: Musayambe zimenezo, ndili pa shifiti.

Bambo a Yami: Alipo akukwera basi ya Lilongwe sabata ino? Ndili ndi kachikwama kakang'ono.

Mai a Tadala: Ndiye ndimve za ndani? Atsala 9, nthawi ndi 3 koloko.